Wotchi Yakufa ya Insipekita

Kabokosi kanali kopanda kanthu, ndipo kiyi wake anali mmodzi yekha, wa pa lamba wa a Makiyi.

Anaima nako m'manja pakati pa polisi ya mapulanga, akuyang'ana kansalu kofiira kamene wotchi inkagonapo. Polisiyo inamangidwa mkati mwa shedi yaikulu: makoma atatu, denga palibe, m'malo mwake nyali zolendewera. Mmenemo ndimo ankajambuliramo sewero la pa kanema la mayi wofufuza milandu wa zaka makumi asanu ndi awiri zapitazo, nthawi imene mkazi akalowa mu ofesi ya polisi anthu ankayesa wabwera kudzasesa. A Makiyi ndiwo ankasunga katundu yense wa sewerolo, kuyambira tayipi yakale, lamya yakuda ya chingwe chopotana, mpaka zolembera zoviika mu inki. Dzina lawo lenileni anzawo a pantchito anali ataliiwala kale. Mpukutu wa makiyi unkawalengeza asanaoneke.

"Munandiuza chiyani nthawi ya chakudya?" anafunsa a Dayirekita. Sanakweze mawu, ndipo ndizo zinaopsa kwambiri.

"Ndinati ili m'bokosi, bwana."

"Bokosi lake liti?"

"Lomweli."

"Kiyi wina ali ndi ndani?"

"Palibe wina, bwana."

Aliyense woonera sewerolo ankaidziwa wotchiyo. Inali yaing'ono, yagolide, ya lamba wakuda. Kumapeto kwa gawo lililonse, Insipekita asanatchule wopalamula, ankakweza mkono n'kuyang'ana nthawi, ndipo m'makomo anthu ankasiya kutafuna. Wotchiyo anachita kuibwereka kwa mwini sitolo ya zinthu zakale. Tsiku limenelo ankajambula chithunzi chomaliza cha gawo lomaliza, ndipo mawa lake inali yoti ibwerere kwa mwini wake.

"Ikakwana folo koloko isanapezeke, ndiitana apolisi," anatero a Dayirekita. "Enieni, osati awa a mapulangawa."

Anthu makumi atatu anali m'shedimo, koma palibe anawayang'ana a Makiyi m'maso. Wina anayamba kupinda chingwe chomwe chinali chopinda kale. A Makiyi anaganiza za mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, mmene angamvere kuti bambo ake atuluka pa geti ali pakati pa apolisi awiri. Zaka zisanu ndi ziwiri sanatayepo ngakhale batani.

"Ndibwerekeni a Makiyi pang'ono."

Anali Insipekita. Onse ankawatchula choncho ngakhale kamera itazima. Anali akadali m'chikhothi chotuwa cha m'sewero, chipewa chili m'manja. Kunja kwa kamera anali mayi wosalankhulalankhula, wokonda kukhala pakona akuluka juzi. A Makiyi ankadziwa, monga ankadziwira onse, kuti nzeru za Insipekita zinkachokera kwa alembi atatu a mu ofesi yapamwamba. Mayiyo ankangoloweza.

Anapita nawo kuseri kwa khoma, komwe mapulanga anali osapaka utoto.

"A Makiyi, wotchi ija munaiika m'bokosi?"

Iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Mukamanena zoona makiyi anu amalira, chifukwa mumalankhula ndi manja," anatero mayiyo. "Pamene mumayankha a Dayirekita paja, anali zii."

A Makiyi anafotokoza. M'mawa atamaliza kujambula, mayiyo anavula wotchi n'kuiika m'kambale ka pa desiki, monga mwa masiku onse. Iwo asanaitenge, nyali yaikulu inaphulika, ndipo anathamanga kukatenga tsache kuti asese magalasi. Pobwera, kambale kanali kopanda kanthu. Anayesa kuti mayiyo aivalanso. A Dayirekita atawafunsa pa chakudya, anachita manyazi kunena kuti sakudziwa komwe kuli katundu wawo.

"Ndiye ndinangoti ili m'bokosi. Ndimati ndikutsatani mukamaliza kudya."

"Bodza la mphindi imodzi lakugulirani mlandu wa tsiku lonse," anatero mayiyo, koma osati mokalipa. "Chabwino. Ndiye kuti bokosilo lilibe nkhani. Nkhani ili pakati pa kuphulika kwa nyali ndi tsache lanu. Panadutsa nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina mphindi zisanu. Ndinachedwa chifukwa mphindi ya chete ya wojambula mawu ija inandipeza pakhomo."

Mayiyo anavala chipewa chija, n'kuchipendeketsa pang'ono kumanzere.

"Tiyeni tikafunse anthu."

A Makiyi anawatsatira, akudabwa kuti mawu amenewo sanali pa pepala lililonse.

* * *

Mlonda wa pa geti anali msilikali wopuma. Anaimirira njo, ngati chikhothi chotuwa chija chinali ndi nyota zenizeni.

"Watuluka ndani chiyambire leveni koloko?"

"Palibe, mayi."

"Galimoto ya chakudya?"

"Inalowa isanakwane teni. Ili apo."

"Olemba aja?"

"Sanatsike. Satsika."

"Nanga odzaza malo?" Ankatanthauza anthu aja amene amangokhala kumbuyo kwa chithunzi osalankhula, kuti polisi ioneke ya anthu.

"Satuluka asanamasulidwe. Lamulo."

"Mpanda?"

Mlondayo anakwinya nkhope ngati atukwanidwa. "Uli ndi waya wa minga, mayi. Ndi ine."

Pobwerera, mayiyo anati, "Ndiye kuti wotchi ili momwe muno."

"A Dayirekita akuti asecha zikwama za onse," anatero a Makiyi.

"Akatero ipezeka m'chimbudzi, kapena siipezeka n'komwe. Ndipo anthu makumi atatu adzapita kwawo atavulidwa ulemu. Ayambe adikira."

* * *

Mayi Singano, wosoka zovala za sewero, anali m'kachipinda kawo pakati pa madiresi ndi mayunifolomu, mapini ali kukamwa. Anawalavulira m'dzanja ataona alendo.

"Ine musandifunse, achemwali, ine ndinali pansi. Pansi penipeni, chogwada, ndikupinda thalauza la sajeni uja. Munthu amanenepa gawo lililonse, ngati tikumuweta. Nyali itaphulika ndinangoti basi, lero ndiye tsiku langa, ndifera pa mapazi a mwamuna wa eni."

"Munaona wina pafupi ndi desiki?"

"Ndinaona miyendo. Aliyense amathawira kumene maso ake aloza. Odzaza malo a pa benchi aja anadutsa pomwepo onse atatu, chifukwa nyaliyo inali pamwamba pawo. A Makiyi, pepani, inu sindikukuganizirani. Munthu woti akabwereka pini amabweza."

"Wotchiyo mumaidziwa bwino?"

"Ndimaikonza pa mkono wanu tsiku lililonse, ndingalephere kuidziwa? Golide wake ndi wabwino, koma lamba ndi wamanyazi. Kunsi kwake wina anasokapo ndi ulusi wabuluu. Wabuluu, pa chikopa chakuda. Misoko yake yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Dzanja la mwamuna limenelo, ndikulumbira. Ndinafuna kumasula ndisokenso bwino, a Makiyi awa anandikaniza."

"Katundu wobwereka sitisintha," anatero a Makiyi.

"Mwamva? Ndiye munthu wotere angabe?"

Insipekita anali akuyang'ana mkono wawo, pamene panali mzere wotuwa wa lamba.

* * *

Wojambula mawu ankatchedwa Makutu. Anamupeza pa kangolo kake ka makina, mahedifoni ali m'khosi, nkhope ili yakuda ngati munthu amene wataya wachibale.

"Za wotchi ine sindikudziwa," anatero asanafunsidwe. "Ine ndili ndi maliro anga. Chete wanga wawonongeka."

Mphindi ya chete inali mwambo wa ntchito yawo. Akamaliza kujambula m'chipinda, aliyense ankaima pomwe ali, osasuntha, osatsokomola, kwa mphindi imodzi yathunthu, kuti Makutu ajambule mmene chipindacho chimamvekera chikakhala chete. Ankati chipinda chilichonse chili ndi mpweya wake, ndipo popanda mpweyawo mawu a osewera akalumikizidwa amamveka odukaduka. Chifukwa cha iye, mawotchi onse a m'sewero anali oimitsidwa, firiji ya m'khichini inkazimitsidwa, ndipo a Makiyi ankafumbata makiyi awo m'dzanja.

"Nyali itaphulika ndinati tijambuliretu anthu asanabalalike," anapitiriza Makutu. "Ndinawabweza onse m'malo awo. Anaima bwinobwino, ndinanyadira. Pomvetsera masana ano, muli kachilombo. Shedi yonseyi anapopera mankhwala mwezi watha, koma kachilombo kamodzi kanasankha mphindi yanga."

"Kakulira bwanji?"

"Ngati kachilombo, mayi. Kosatopa. Kosapuma n'komwe."

"Tandipatsani ndimve."

Mayiyo anavula chipewa, navala mahedifoni. Anatseka maso. A Makiyi anaona chala chawo chikuyamba kugunda pa kangolo, pang'onopang'ono, mofanana, osaphonya. Kenaka anatsegula maso n'kuwapatsa a Makiyi mahedifoniwo.

Poyamba anangomva mpweya waukulu, ngati mvula ili kutali. Kenaka, pansi pa mpweyawo, kanthu kakang'ono: tchi, tchi, tchi, tchi.



"Kachilombo kamapuma," anatero mayiyo. "Aka sikakupuma."

"Sizingatheke, mayi," anatero a Makiyi. "Wotchi ija ndi yakufa. Chaka choyamba ndinaipukusa, kachitsulo kake kamangozungulira. Ndinapita nayo kwa wokonza mawotchi, anaigwedeza pakhutu, anati mtima wake unatha. Ine ndimangosuntha mivi kuti igwirizane ndi nthawi ya m'sewero. Zaka zisanu ndi ziwiri sinalirepo."

"Mwina ndi ya munthu wina," anatero Makutu, koma anadziyankha yekha. "Ayi. Odzaza malo amasiya mawotchi ndi mafoni awo m'khichini. Ndimayendera mikono ndekha."

"Maiki inali kuti?"

"Pamwamba pa benchi. Mawu omaliza munalankhulira pamenepo."

Insipekita anayang'ana cha ku benchi ija. A Makiyi ankaidziwa nkhope imeneyo; anali ataiona pa kamera kambirimbiri. Koma pa kamera mayiyo ankakhala akudikira kuti mnzawo amalize mawu ake. Apa sankadikira munthu.

"Wakuba saidzutsa wotchi," anatero pomaliza. "Amafuna ikhale chete. Ndipo wa ntchito yathu ino sangaipukuse ngakhale atalota, amaopa Makutu. Amene watenga wotchiyi amaidziwa kuposa inu, a Makiyi, kuposanso wokonza mawotchi uja."

"Ndiye ndani?"

"Nthawi ili bwanji?"

"Yangopitirira fili koloko," anatero Makutu.

"Kauzeni a Dayirekita kuti chete wanu wawonongeka. Simukunama. Muwauze kuti mukufuna kujambulanso, aliyense pamalo pomwe anali m'mawa."

* * *

A Dayirekita anang'ung'udza, koma analola. Chete analidi wofunika, wotchi ipezeke kapena isapezeke. Anthu anabwerera m'malo awo. Sajeni anaima pa kauntala. Mayi Singano anagwada pa mapazi ake, akunong'ona kuti moyo wawo wonse watha chogwada. A Makiyi anaima pakhomo ndi tsache.

Pa benchi ya odikira panakhala anthu atatu. Kumanzere kunali mayi wa dengu, pakati mwamuna womangidwa bandeji kumutu, ndipo kumapeto kunali nkhalamba ya jekete yabulauni. Nkhalambayo inakhala pamenepo magawo onse a zaka zitatu, osalankhula liwu limodzi, mpaka anthu anaitcha a Benchi. Ankafika woyamba, ankachoka womaliza, ndipo ankapinda okha zovala za m'sewero pobweza. Vuto lawo linali limodzi. Insipekita akamadutsa, odzaza malo onse ankayenera kuwayang'ana kumaso mwamantha, koma a Benchi maso awo ankakhala pansi. A Dayirekita anawakalipira mpaka anatopa.

Mahedifoni anavala Insipekita. Makutu ananyamula ndodo yaitali ya maiki.

"Chete," anatero Makutu. "Mphindi imodzi."

A Makiyi anafumbata makiyi awo. Shedi yonse inati zii. Malata a padenga ankatetheka ndi dzuwa, kutali kwambiri galimoto inadutsa.

Maiki inali pamwamba pa mayi wa dengu. Insipekita anasuntha chala, ndipo Makutu anayendetsa ndodo pang'onopang'ono, ngati msodzi. Inafika pa mwamuna wa bandeji. Mwamunayo anayang'ana m'mwamba, thukuta likutsika m'mphepete mwa bandejiyo. Chala chinasunthanso.

Maiki inaima pamwamba pa a Benchi.

Nkhalambayo inali itaika dzanja lamanja pachifuwa, pa thumba lamkati la jekete, ngati munthu woimba nyimbo ya kutchalitchi. Dzanjalo linkakanikiza. A Makiyi anamvetsa zimene ankaona: wotchi ukaipukusa sungaiuze kuti ikhale chete. Imayenda mpaka mphamvu yake ithe.

Mphindi inatha, koma Makutu sananene kuti yatha. Insipekita anavula mahedifoni, napita ku benchi. Sanaime patsogolo pa nkhalambayo monga ankachitira ndi opalamula a m'sewero. Anauza mwamuna wa bandeji kuti asunthe, nakhala pambali pake.

"Bambo," anatero motsitsa, koma m'chete muja aliyense anamva, "ulusi wabuluu uja munasoka ndinu?"

Dzanja la a Benchi lija linatsika pang'onopang'ono.

"Wakuda unali utatha m'nyumba," anatero. Kanali koyamba anthu ambiri kumva mawu awo. Anali mawu odekha, a munthu wozolowera kuwerenga mokweza. "Mayi akunyumba anaseka sabata yathunthu."

Mayi Singano anagwira pakamwa.

"Zaka zitatu simunandiyang'anepo kumaso," anatero Insipekita. "Ndinkayesa ndi manyazi. Lero ndi pamene ndazindikira kuti simunkayang'ana pansi. Munkayang'ana mkono wanga."

Nkhalambayo inatulutsa mpango wopindidwa kanayi, niutambasula pa bondo. Wotchi inali pamenepo, muvi wake waung'ono ukuyenda.

A Makiyi anapezeka atayandikira osadziwa, tsache likadali m'manja. Anali ataigwira wotchiyo m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kuipukuta, kuigoneka pa kansalu kake. Ankaidziwa ngati mmene munthu amadziwira chithunzi cha pakhoma. Tsopano chithunzicho chinali chikupuma.

"Mwaidzutsa bwanji?" anafunsa.

"Kachitsuloka kanatha mano mbali imodzi," anatero a Benchi. "Mumakakanikizira pansi ndi chikhadabo, kenaka n'kupukusa. Mukapanda kutero kamangozungulira. Zala za mayi zitayamba kutupa, ndinkawapukusira ine, m'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire. Zaka khumi ndi zinayi."

"Inafika bwanji ku sitolo?" anafunsa Insipekita.

"Atamwalira ndinadwala, ndinagona m'chipatala miyezi iwiri. Ana anati bambo akabwera asapeze zinthu zowakumbutsa. Anachotsa zonse. Ankafuna kundithandiza." Anapukuta galasi la wotchi ndi ngodya ya mpango. "Tsiku lina ndili kwa mwana wanga, kanema ali woyatsa, inu munakweza mkono. Ndinaidziwa ndi kamng'alu aka, apa pa naini. Sindinauze munthu. Ndinangofunsa kumene amajambulira."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani, mayi? Ana anagulitsa mwachilungamo. Mwini sitolo anagula mwachilungamo. Ine ndinalibe mlandu ndi munthu. Kukhala pa benchi pano kunkandikwanira. Koma dzulo ndinamva kuti mawa ikubwerera. Nyali itaphulika ndinadutsa pa desiki paja, ndipo inali m'kambale yokha. Sindinganame kuti inagwera m'thumba. Ndinaitenga. Ndinati ndiigwire pang'ono chabe. Kupukusako sindinaganize n'komwe, chala chinangochita chimene chinazolowera. Italira, ndinalephera kuibweza."

Anatembenukira kwa a Makiyi.

"Achimwene, ndinamva zimene a Dayirekita anakuuzani. Ndinakhala apa ndikuwerenga nthawi pa wotchi yomweyi. Ndinati ikatsala mphindi zisanu ndiimirira. Ndikufuna kukhulupirira kuti ndikanaimirira. Koma ndakusiyani pamoto maola awiri, ndipo pamenepo ndilibe chonena."

A Makiyi anafuna kukwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Koma kunyumba kwawo nakonso kunali kabati ya malemu akazi awo imene sankaitsegula, ndipo sankalola mwana wawo kuikhudza.

"Zamveka, bambo," anatero. Kenaka anatembenukira kwa a Dayirekita. "Bwana, za bokosi zija ndinanama. Sindinaiikemo. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa komwe ili."

A Dayirekita anayang'ana a Makiyi, kenaka nkhalamba, kenaka foni imene inali m'dzanja lawo.

"Kuba ndi kuba," anatero, koma mawuwo analibe msana.

"Mukaitana apolisi muwauza chiyani?" anafunsa Insipekita. "Kuti wotchi yanu yakufa ili pano, siinatuluke pa geti, ndipo munthu waidzutsa? Mawa ine ndi a Makiyi tiwaperekeza bambowa kwa mwini sitolo. Ndi munthu, ali ndi makutu. Zimenezo ndi za mawa. Inu tamverani izi."

Anawapatsa mahedifoni. Makutu anatsitsa maiki pafupi ndi bondo la a Benchi. A Dayirekita anamvetsera, nkhope ili gwa. Kenaka maso awo anayamba kuyenda, kuchoka pa wotchi kupita pa kamera, kuchoka pa kamera kupita pa desiki. Onse a m'shedimo ankadziwa tanthauzo lake: munthuyo anali ataona chithunzi.

"Nyimbo ya kumapeto ija tiichotsa," anatero pang'onopang'ono. "Akakweza mkono, pasamveke china chilichonse. Izi zokha." Anaika foni m'thumba. "Makutu, ungaijambule bwino?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikupha mawotchi," anatero Makutu. "Lero mukuti ndijambule wotchi."

"Ungathe kapena ayi?"

"Ndingathe, bwana."

* * *

Nyali zinayatsidwa. Mayi Singano anawongola kolala ya chikhothi chotuwa, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kumanamizira fumbi. Pofika pomanga wotchi anabwerera m'mbuyo.

"Mangani ndinu, bambo. Koma tsiku lina mubwere ndikuphunzitseni kusoka."

A Benchi anaimanga pa mkono wa Insipekita. Zala zawo zinapeza zokha bowo lachitatu la lamba, lomwe linali lokulirapo kuposa ena.

"Dzanja lanu ndi lofanana ndi lawo," anatero, n'kubwerera pa benchi.

M'sewero, Insipekita ankayenera kutchula wopalamula nthawi itatsala mphindi khumi kuti ikwane folo koloko. Zinali zitanenedwa kale m'chithunzi china chomwe anajambula sabata yatha. A Makiyi anabwera kudzasuntha mivi monga mwa ntchito yawo. Wotchi inkanena kuti hafu pasiti fili yapitirira ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Anayang'ana foni ya Makutu. Inali nthawi yeniyeni.

"Ndinaikonza masana, ndi wotchi ya m'khichini," anatero a Benchi ali pa benchi. "Koma chenjerani, achimwene. Mukakoka kachitsuloko, iima. Masana inaima, ndinainyengerera nthawi yaitali kuti idzukenso. Ndi nkhalamba. Kachiwiri sindikulonjeza."

Dzanja la a Makiyi linaima m'malere. Anayang'ana a Dayirekita, munthu amene ankakalipa wina akachedwa ndi theka la mphindi.

"Kwatsala mphindi khumi ndi zinayi, bwana."

A Dayirekita anatsegula pakamwa, koma Insipekita anayankha ali pa desiki, osatembenuka.

"Tiidikira."

Ndipo anaidikira. Palibe analamula chete, koma chete anabwera yekha. Wa kamera anakhala diso lili pa galasi. Sajeni anaima pa kauntala osakanda pamene pankamuyabwa. Mlonda anabwera kudzaona chimene chazimitsa phokoso, naima pakhomo, chipewa chili m'manja. Ngakhale alembi atatu aja anatsika, naima pa masitepe, akuyang'ana mayi amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankamuika mawu m'kamwa.

A Makiyi nawo ankamuyang'ana. Mayiyo anangokhala, manja ali pa desiki, ngati mmene ankakhalira pakona ndi juzi yake. Iwo anaganiza za zaka zonse zimene mayiyo anakhala pakona paja, akuluka, akumva makiyi akulira ndi kusiya kulira, akuona amene amayang'ana pansi. Anthu ankayesa kuti akupuma.

Pamene anaima a Makiyi kulira kwa wotchi sikunkamveka. Ankangoona Makutu, maso ali otseka, mutu ukugwedezeka pang'ono, mofanana, osaphonya. Anafumbata makiyi awo mpaka anawadinda m'chikhatho.

Muvi wautali unafika pamalo pake.

A Dayirekita sanafuule monga mwa masiku onse. Anangokweza chala.

Insipekita anaimirira, nayenda kudutsa kauntala, kulunjika ku benchi ya odikira. Mayi wa dengu anakweza maso mwamantha. Wa bandeji anachitanso chimodzimodzi. Pakati pa chipinda mayiyo anaima, nakweza mkono, nayang'ana nthawi.

Ndipo kumapeto kwa benchi, a Benchi anachotsa maso pa wotchi ija, nawayang'ana mayiyo kumaso.